Chilembo Chomwe Ndinavundikira ndi Beseni

Dzulo mdzukulu wanga anachokera kusukulu akuimba kuti "mmm, ma, me, mi." Ndinangoima chilili, beseni lili m'manja.

Ndili mwana, mgodi womwe ankagwirako ntchito utatsekedwa, atate ankangokhala pakhomo kwathu ku Chowa. M'mawa uliwonse ankalemba chilembo chimodzi pafumbi lotuwa la pabwalo, n'kuika dzanja langa pakhosi pawo kuti ndimve mmene pakunjenjemerera.

Tsiku lina anati, "Chilembo chilichonse chili na saundi yake, mwana wanga. Ichi ni M. Tseka pakamwa, uchite mmm."

Tinalekezera pomwepo. Mawa lake anakwera minibasi kukafuna ntchito ku Lusaka. "Tizapitiliza nikabwela," anatero.

Chilembocho ndinachivundikira ndi beseni la amayi kuti mphepo isachifufute. Anzanga ambiri anali atasamuka ndi makolo awo, choncho masana ndinkakhala ndekha. Ndinkavundukula beseni n'kugunditsa khutu pansi, poganiza kuti mawu a atate anatsalira m'fumbimo.

"Iwe, bwelesa beseni, nifuna kuchapa!" amayi ankakalipa.

Mvula yoyamba inakokolola chilembo chija, ndipo atate sanabwerenso.

Zilembo zina zonse ndinaziphunziranso kusukulu, ndipo ndimaziwerenga ndi maso. M yekha ndiye ndimamumva pakhosi.