Kansomba ka Atate ka ku Mombasa

Ndikukumbukira kansomba kouma kamene Amayi ankasunga m'chitini cha tiyi, kwathu kufupi ndi mtsinje wa Chongwe, m'zaka za m'ma 1950. Atate anabwera nako kuchokera ku Mombasa, kumene anadutsa pochokera ku nkhondo. Kanali kaphanthiphanthi ngati chikhato changa, kachikasu kozilala, kakamwa kosongoka, ndi mzere wakuda wodutsa padiso. Chakumchira kunali dontho lakuda. Atate ankati limenelo ndi diso labodza: nsomba yaikulu imaluma kumchira poyesa ndi mutu, iko n'kuthawa.

Ankati azungu anakapatsa dzina la gulugufe, ndipo kamakhala m'madzi amchere, pakati pa miyala yamoyo yomera ngati nthambi, n'kumajompha tizilombo ta m'miyalamo. Koma chimene ankakonda kubwereza n'chakuti tinsombati timayenda tiwiritiwiri mpaka imfa. "Msodzi atagwira aka, kanzake kanazungulira bwato mpaka dzuwa kulowa," ankatero akuyang'ana Amayi. Amayi ankangoti, "Bodza lanu, aPhiri," uku akumwetulira.

Atate anamwalira ndi chifuwa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Njinga, makasu ndi jekete abale awo anagawana maliro atangotha. Chitini chija anachisiya, poti kansomba kamodzi kangakhutitse yani.

Chaka chotsatira, nthawi ya njala chimanga chisanache, Amayi anadwala malungo, masiku atatu osadya. Ndinawamva akudandaula pamphasa za ndiwo ya masamba a maungu kuti, "Chibwabwa chanikola ine. M'kamwa mufuna kansomba." Ine ndi mtima wanga wofuna kuyamikiridwa ndinathamangira chitini. Kwathu nsomba youma ndi ndiwo, basi. Ndinakaviika m'madzi, n'kukaphika ndi phwetekere mmodzi ndi mchere. Kananunkha ngati nsapato yakale, koma mbale ndinainyamula monyadira.

Amayi anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali. Dontho lija linkaonekabe. Ndinadikira ndodo, koma sinabwere.

"Waphika bwino, mwana wanga," anatero. "Bwera tidye. Atate ako atitumizira ndiwo."

Kanali kowawa, minga yokhayokha. Iwo anadya mpaka kumchira, misozi ikugwera m'mbale, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti ndawaphikira chinthu chokhacho chimene mwamuna wawo anawasiyira. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Masiku ano adzukulu anga amandionetsa tinsomba timeneti pafoni, tamoyo, tikusambira tiwiritiwiri ndithu. Atate sananame. Chitini chija Amayi anachisunga chopanda kanthu zaka zawo zonse, osandidzudzula ngakhale kamodzi, ndipo tsopano chili m'sutikesi mwanga.