Babu la Pansi pa Kagalasi Kofiira

Fungo la palafini ndi limene limandibwezera kwa agogo anga aamuna, a Filimoni. Linali m'manja mwawo, m'jekete lawo la kutchalitchi, ngakhale m'masamba a Baibulo lawo, pakuti anagwira ntchito yoyatsa nyale za njanji ku Limbe kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kutuluka, ndipo fungolo silinawachoke ngakhale atasiya ntchitoyo. Ine ndinakulira kwa iwo kumunsi kwa phiri la Soche, nthawi imene kunali minda ya chimanga ndi mitengo ya mango pamene lero pali nyumba zothithikana. Loweruka lililonse masana ankakhala pakhonde, n'kundandalika nyale zathu zitatu pamkeka, n'kumapukuta mwaye m'magalasi ndi kansanza kofewa, akuuzira mpweya m'kati mwake, akudula zingwe zopserera ndi lumo, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya m'buku osatsegula pakamwa. Akaona nyale yopachikidwa pakhoma kwa mnzawo, yachita fumbi, ankapukusa mutu. "Nyale yosayaka ndi botolo chabe," ankatero.

Nkhondo yachiwiri itatha, mawondo awo atatopa ndi makwerero a kunjanji, anapeza ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka, pa kakampani kena komwe kanali ndi ndege zing'onozing'ono ziwiri. Ntchito yawo inali kusesa m'kati mwa ndege, kupukuta mawindo ndi mipando, ndi kuonetsetsa kuti tinyale tamagetsi ta pamwamba pa mipando ya okwera tikuyaka. Ankagona konko m'nyumba za antchito, n'kumabwera kwathu pa njinga Loweruka lokha. Amene anawapezera ntchitoyo anali mnansi wathu Che Saidi, Msilamu wa ana asanu ndi awiri, amene ankathandiza makaniko pa kampani yomweyo. Awiriwa sankagwirizana pa za kumwamba, koma pa bawo ankagwirizana kwambiri.

Loweruka limene ndikufuna kunenali ndinali mu Sitandade 4. Agogo ndi Che Saidi anali pansi pa mango akusewera bawo, nkhomo zikulira m'maenje, ndipo ine ndinali nditagona chagada pafupi nawo ndikuyang'ana dzuwa kudzera m'kababu kakang'ono ngati nthudza, komwe agogo anandipatsa sabata yathayo.

"Iwe Eliya, tabwera nacho kuno," anatero Che Saidi. Analitembenuza m'zala. "Ili ndi babu la m'ndege. Wayamba liti kuba, mwana wa mkulu wa mpingo?"

"Ndi lakufa limenelo, ndinam'patsa ndine," anatero agogo, maso ali pa bawo. "Sewerani, musazembere pa mwana."

"Nanga pamene munalichotsapo munaikapo chiyani, achimwene? Kusitolo kwathu mababu anatha kalekale, akudikira a pa sitima ya ku Beira."

Agogo anamwetulira, kumwetulira kwa munthu wodziwa ntchito yake. "Ndinapeza lina. Dona wina anadandaula kwa kapitawo kuti sakutha kuwerenga buku lake, kanyale ka pampando wake kafa. Ndiye kutsogolo kuja, pamene amakhala woyendetsa, pali kanyale kena ka galasi lofiira. Zaka ziwiri ndikupukuta m'menemo, ngakhale akamayesa injini pansi, tina tonse timayaka, koma iko sindinakaonepo katayaka. Ndinapotokola kagalasiko, ndinapeza babu labwinobwino likungogona. Ndinalisamutsira kwa dona uja, kagalasiko n'kubwezerapo."

Dzanja la Che Saidi linali m'mwamba, lodzaza nkhomo, ndipo linaima pomwepo. Nkhomo imodzi inagwera pansi n'kugubuduka mpaka pa phazi langa.

"Kali mbali iti?"

"Kumanzere, pamwamba pa timawotchi tija."

Che Saidi anatchula dzina la Mulungu m'chinenero cha mapemphero awo, motsitsa. Kenaka anati, "Achimwene, kameneko ndi ka moto. Injini ikagwira moto m'mwamba, woyendetsa sauona msanga, umayambira m'kati mwa chitsulo. Kanyaleko ndi kamene kamamuuza. Sikayaka chifukwa moto sunabukepo."

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikusintha chotero. Milomo ya agogo inachita mbuu ngati apaka phulusa, ndipo anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina. Kunjanji kumene anakulira, nyale yofiira inkayaka usiku wonse, ndipo ikazima ndiye kuti woyatsa walephera ntchito. Zoti pangakhale nyale yopangidwira kuti izikhala yozima, zinali zisanawalowepo m'mutu.

"Papita masiku angati?" anafunsa Che Saidi.

"Asanu ndi anayi."

"Ndegeyo yapita ku Lilongwe kawiri, ku Halale kamodzi." Che Saidi anayang'ana kumsewu, ngakhale kunalibe munthu, n'kusendeza mpando wawo pafupi. "Mverani kuno. Mawa m'mawa ikupita ku Halale, ibwera Lachiwiri. Ikafika, ine ndilowamo ndi sipanala ngati ndikumanga china, babulo ndilibwezera. Sadziwa munthu. Yayenda masiku onsewa osapsa, ipsere mawa?"

"Mawa mukwera anthu angati?"

"Asanu ndi mmodzi. Koma achimwene, mukakanena, akuchotsani. Mwinanso akumangani. Ndipo afunsa kuti anabwera nanu ndani."

"Dzina lanu sindilitchula, Che Saidi," anatero agogo. "Koma masiku asanu ndi anayiwo sindinkadziwa. Mawa ndikudziwa."

Agogo aakazi anali atamva zonse ali pakhomo ndi lichero m'manja. "Inu, mawa ndi Mgonero, ndipo wogawa ndinu," anatero.

"Ndikagawa ndi manja ati?" anayankha agogo, akutulutsa njinga. Kenaka anandiyang'ana. "Vala malaya a kusukulu. Kapitawo wapita kumudzi, ndipo Chingerezi changa ndi cha tsache ndi ndowa. Ukandiyankhulira ndiwe."

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ndi msana, chifukwa kaliyala wa njingayo anali wachitsulo chokhachokha. Tinatsika kudutsa pa Ginnery Corner pamene pankanunkha thonje ndi utsi wa makina, tinalowa m'tauni amwenye akutseka zitseko za masitolo awo, tinapitirira Chirimba, ndipo pamene msewu unayamba kutsetsereka kulowera ku Chileka, mpweya unatentha ndipo fumbi linandilowa m'mano. Njira yonse ndinkangomva kupuma kwa agogo ndi kulira kwa tcheni, ndipo malaya awo ananyowa mpaka kumamatira pa tsaya langa.

Tinapeza mzungu woyang'anira makaniko ali m'chishedi chachikulu cha malata, manja ali bii ndi oilo. Antchito ankamutcha Chipewa. Ndegeyo inali pomwepo, yoyera, ikununkha petulo, yaikulu kuposa momwe ndinkaionera ikamadutsa pamwamba pa Soche. Agogo anavula chisoti, n'kufotokoza zonse mwa dongosolo, monga ankachitira pa bwalo la mpingo: za dona, za sitolo yopanda mababu, za kagalasi kofiira, ndi kuti anachita okha popanda wowatuma. Atatha anandigwira paphewa.

M'maganizo mwanga ndinkawaona agogo atamangidwa unyolo, akusesa msewu wa m'tauni pamodzi ndi akaidi amene tinkakumana nawo popita kusukulu. Ndiye ndinanena m'Chingerezi kuti, "Bwana, kanyale kofiira kafa."

Mzunguyo anagwedeza mutu, n'kuyamba kupukuta manja mosadandaula.

"Ine ndayankhula mawu ambiri, iwe wanena anayi," anatero agogo, osakweza mawu. "Ndipo sindinamvemo pamene wanena kuti ndine. Bwereza."

"Agogo, akumangani."

"Bwereza, Eliya."

Ndinabwereza. Ndinanena ndi pakamwa panga, pamaso pa mlendo, kuti agogo anga anachotsa babu pa nyale ya moto, ndipo liwu lililonse linkatuluka ngati ndikulavula mwala. Nsanza imene mzunguyo ankapukutira manja inagwa. Anakwera m'ndege mothamanga, n'kutikodola kuti timutsatire. Aka kanali koyamba kuti ndilowe m'ndege, ndipo za mipando ndi mawindo sindikumbukira kanthu. Ndikukumbuka zala zake zikupotokola kagalasi kofiira, ndi kabowo kopanda kanthu kamene kanali kuseri kwake. Anapita kumbuyo, anasindikiza kabatani pamwamba pa mpando wachitatu, ndipo kanyale ka dona uja kanayaka bwino lomwe, galasi lake lopukutidwa mbee.

Anachotsa babulo n'kulibwezera kuseri kwa kagalasi kofiira, kenaka anatsika, n'kukhala pa tayala la ndegeyo. Anafunsa kuti ndi masiku angati, ndipo nditamuuza anayamba kuwerenga pa zala, milomo ikuyenda. Pambuyo pake Che Saidi anatiuza kuti pa ulendo wina wa ku Lilongwe munakwera mkazi wa Chipewayo ndi khanda lawo. Ife tsiku limenelo sitinkadziwa, tinangoona munthu wamkulu atagwira mutu ndi manja a oilo, tsitsi lake likuda.

Atadzuka anayankhula pang'onopang'ono kuti ndimve bwino, ndipo anandidikira kuti ndimasulire chiganizo chilichonse. Anati sawaitanira apolisi. Anati akanakhala iye, sakudziwa ngati akanapalasa njinga mtunda wonsewo. Chachitatu ndinachimva bwinobwino, koma ndinangoima.

"Akuti chiyani?" anafunsa agogo.

"Akuti... akuti munthu amene wakhudza za kutsogolo sangalowenso m'ndege. Akuti ntchito yatha, agogo."

"Eya," anatero agogo. "Muuze kuti ndamva. Umuuzenso kuti pampando wa dona paja patsalanso popanda babu, asaiwale."

Tinagona m'nyumba za antchito. M'mawa mwake, nthawi imene kwathu belu la tchalitchi linali likulira, tinaima kuseri kwa waya wa bwalolo, katundu wa agogo atamangidwa m'bulangete pa njinga, ndipo tinaona anthu asanu ndi mmodzi akukwera, mmodzi atanyamula ambulera, wina akuseka. Palibe amene anatiyang'ana. Ndegeyo inathamanga, inanyamuka, ndipo agogo sanasunthe mpaka kulira kwake kutazimiririka kuseri kwa mapiri.

Agogo sanalembedwenso ntchito kwina. Anayamba kuwotcherera tinyale ta zitini n'kumagulitsa mumsika wa Limbe, ndipo chaka chimenecho tinadya movutika, ine ndinapita kusukulu ndi kabudula wa zigamba. Che Saidi anakhala milungu itatu osabwera. Atabwera anaima patali, ndipo agogo anangotulutsa bawo n'kunena kuti, "Munasiya masewera pakati." Ndili mnyamata ndinkawaona Che Saidi ngati munthu wamantha. Nditakhala ndi ana anga ndinasiya kuwaweruza, pakuti inenso m'chishedi muja ndinayamba ndi mawu anayi.

Kuchokera tsiku limenelo agogo anali ndi chizolowezi chimodzi. Ndege ikamadutsa, ankasiya chilichonse, ngakhale pakati pa pemphero la chakudya, n'kumvetsera mpaka itapita. Sananenepo chimene ankamvetsera. Inenso ndinatengera, osadziwa kuti ndatengera. Malemu mkazi wanga anazizindikira chaka choyamba cha ukwati wathu, ndipo sanandiseke. Ndege ikamveka ndili pakati pa nkhani, ankaika kapu yake pansi n'kudikira nane, kenaka n'kunena kuti, "Yapita bwino, bambo. Pitirizani." Tsopano ndimakhala ndekha pakhonde pano, ndipo ya masana ikadutsa kulowera ku Chileka, ndimamvetsera mpaka itatha, kenaka ndimadziuza ndekha mawu akewo.