Ankhoswe Awiri ndi Kalaliki wa Tayi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anachoka pamgodi wa ku Bindura kukayamba ntchito pamgodi wina ku Botswana. Ndinali giredi sikisi, wamfupi, mutu waukulu, mtima wapachala ngati leroli. Patapita miyezi ingapo kunabwera kalata yonunkha fodya wawo. Ndinawerenga ndine, poti mayi sukulu anangoidutsa panja. Bambo anati kampani yawapatsa nyumba ya anthu apabanja, koma mkazi akapanda kufika mwezi wamawa usanathe, nyumbayo apatsa wina. Pankafunika chilolezo cha mkazi wotsatira mwamuna wake, ndipo chilolezocho sichikanatuluka popanda pepala la boma lotsimikiza kuti awiriwo ndi banja.

Pepala lotero kwathu kunalibe. Makolo anga anakwatirana pachinkhoswe, kukomboni ya pafamu. Ankhoswe anapatsana tambala ndi thadzi, anthu anadya, anavina, basi.

Ine ndi mayi tinanyamuka kwathu ku Chipadze wapansi kupita ku ofesi ya boma ya maukwati, mayi atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Mu ofesimo munkanunkha polishi wofiira ndi thukuta la anthu a pamzere. Kalaliki wake, wa tayi wotambalala ngati lilime la ng'ombe, sanadzutse n'komwe mutu.

"Mombe ngani?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza ng'ombe zimene bambo anapereka.

Mayi anayankha mwaulemu kuti Achewa sitilowola.

"Ndiye palibe ukwati apa. Mabhurandaya mumangotolana."

Dzina limenelo, lotinyoza ife ochokera ku Malawi, kusukulu ndinkamenyera nalo anthu. Ndinamenya tebulo ndi chibakera mpaka zolembera zake zinamwazika. "Ine ndine wotola?" ndinakuwa. Mlonda ananditulutsa atandigwira khutu, ndipo panja mayi anamalizitsa khutu linalo. Kenako anakhala pamwala n'kuyamba kulira mwakachetechete. Zimenezo zinandiwawa kuposa makutu onse awiri.

Ndinaganiza ndekha kuti ngati ukwatiwu anamanga ndi ankhoswe, abwere ankhoswewo adzanene okha. Malume a Bizaliyele, nkhoswe ya kuchikazi, ankakhala pafupi nafe. Koma a Jailosi, nkhoswe ya kuchimuna, anali kutali ku Matepatepa, kofukiza fodya. M'mawa mwake ndinajomba kusukulu, n'kutenga njinga ya malume osapempha. Pachishalo sindinkafika, ndiye ndinapalasa cham'mbali, mwendo utalowa pansi pa chitsulo, fumbi lofiira lili thothotho m'mano. Ndinawapeza a Jailosi maso ali psuu ndi utsi. Atamva zimene ananena kalaliki, anavula ovolosi n'kuvala jekete. Pobwerera anapalasa ndi iwo, ine ndili pakaliyala.

Tsiku lachitatu tinalowanso mu ofesi muja tili anayi. Kalaliki anayambanso za ng'ombe zake, koma phokoso la malume linatulutsa bwana wake, mkulu wina wa imvi. Iye anafunsa ankhoswe kuti ali ndi umboni wanji.

"Bwana," anatero a Jailosi, "mayi awa anathira mwamuna wawo msuzi wa nyemba kumutu. Mlanduwo ndinakamba ndine."

"Chifukwa m'bale wanuyo anabwera ataledzera, nsapato imodzi ili m'thumba!" malume anabweza.

"Nanga wailesi ija mayiwa anaibisa m'mbiya?"

"Munthu wogona ndi wailesi, mkazi ali pomwepo, mumati atani naye?"

Anaiwala kuti ali mu ofesi ya boma. Anafukula mkangano wa chaka cha chilala, wa dzina langa, ngakhale wa bakha amene anadyedwa mayi ali kuchipatala. Mayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Mzere wonse unali kugwa ndi phwete. Mkulu uja anavula magalasi n'kupukuta misozi.

"Anthu ongotolana safika apa," anatero. "Lemba."

Kalaliki analemba kalata yolumbira ndi dzanja lake lomwelo. Ankhoswe anaviika zala mu inki n'kudinda, chidindo cha boma chinalira kuti du! Ine ndinamuyang'ana kalalikiyo m'maso mpaka anayamba kukonza tayi. Pobwerera ku Chipadze ndinatsogola ndine, pepala nditalikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira. Chilolezo chinatuluka, ndipo tinafika ku Botswana kutatsala masiku atatu. Bambo tinawapeza pasiteshoni, kiyi wa nyumba atamumangirira pakhosi ndi chingwe cha nsapato.

Papita zaka zambiri, ndinabwerera ku Bindura kalekale, ndipo lero wotsatira mnzake ndine. Mayi a ana anga akusamala okalamba ku Mangalande. Setifiketi ya ukwati tili nayo, koma a viza anati sikokwanira, akufuna zithunzi ndi mauthenga a pafoni. Ankhoswe masiku ano alibe polowera, zonse n'zapakompyuta, palibe ngakhale tebulo loti munthu umenye. Mwana wanga wamkazi, amene ankandithandiza, anati tisankhe mauthenga okoma okhaokha. Ndinati ayi, tumiza onse, ndi okangana omwe, ngakhale uja wa firiji.

Viza yatuluka sabata yatha. Ndikunyamuka Loweruka, ndipo mayi a ana aja andiuza kale pafoni kuti jekete yomwe ndagula ndi yonyansa. Tikakambirana ndikafika.