TV Imene Ndinakabisa ku Mkhumba

Chaka chimene nkhani ya dijito inayamba kumveka pa wailesi, ine ndi amuna anga tinkakhala pa Migowi ndi ana athu aang'ono, m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika. Iwo ankachita lendi kanyumba koonetsera vidiyo, ine ndinkagulitsa nandolo ndi makaka, chinangwa chouma chija, pakhonde. TV tinali nayo imodzi yokha. Masana inkagwira ntchito kuvidiyo, madzulo ankaisenza kubwera nayo kunyumba n'kuilumikiza ku eriyo imene tinamangirira kunsonga kwa nsungwi. Zithunzi zinkafika movutikira chifukwa cha mapiri. Mphepo ikawomba, munthu wowerenga nkhani ankasanduka mchenga, ndipo masiku ena tinkangozindikira kuti tikuonera anthu a ku Mozambiki akulankhula Chipwitikizi.

Pa wailesi ankanena kuti ma TV akale adzasiya kuonetsa, kuti mayiko onse akusintha, ndiponso kuti boma lidzapatula ndalama zambiri kuti anthu asatsalire. Za tsiku lake sankatchula. Pamsika aliyense anali ndi yake. Ena ankati boma ligawa ma TV atsopano, ena ankati ndi njira yongofuna kutikhometsa msonkho wina. Ine ndinkangomvetsera ndikuyeza nandolo. Kuchipatala tinkabwezedwa opanda mankhwala, makuponi a feteleza sankatikwanira, ndiye boma lomwelo likumbukire TV yanga? Sizinkandilowa.

Nyengo yokolola nandolo ili mkati, kunabwera amuna awiri pa galimoto yoyera yopanda cholembedwa chilichonse. Wina anali wonenepa, wovala tayi, wolankhula mokoma. Mnzakeyo anali wowonda, wosalankhulalankhula. Anati iwo si a boma enieni, koma a kampani imene boma laipatsa ntchito yokonzekeretsa anthu akumidzi. Anali ndi kabokosi kakuda kokhala ndi kagetsi kobiriwira, ndipo ankakaonetsa kwa aliyense koma osalola munthu kukagwira. Ankati TV iliyonse iyenera kupita ku Blantyre kuti akaiikemo kachipangizo kogwirizana ndi kabokosiko, kenako ibwerere kwa mwini wake. Zonsezo zaulere, boma linalipira kale.

Munthu woyamba kumufunafuna anali amuna anga, chifukwa pa Migowi panalibe amene sankawadziwa. Anawapatsa sikipa ndi chipewa, ndipo wonenepa uja ankawatchula kuti bwana. Chikwatiraneni sindinamvepo munthu akuwatchula choncho. Anayamba kuyenda nawo khomo ndi khomo, kwa aphunzitsi, kwa eni magolosale, kwa aliyense amene padenga pake pankaoneka eriyo. Anafikanso kwa amayi ena amasiye amene ankakhala moyang'anana nafe. Amayiwa TV yawo anawatumizira ndi mwana wawo wa ku Joni, ndipo ankaifunditsa nsalu yoluka ngati khanda.

Tsiku lina alendowo anadya kwathu. Ndikuwathirira madzi osamba m'manja ndinafunsa kuti, "Pepani abambo, ngati boma linalipira kale, bwanji osangobwera nazo zipangizozo n'kumaikira konkuno ife tikuona?"

Wonenepa uja anaseka. "Amayi, fumbi la kuno likhoza kupha kachipangizoko tsiku lomwelo. Ntchito imeneyi imafuna chipinda chozizira."

Anayankha msanga kwambiri, ngati funsolo analimvapo kale kwina. Wowonda uja sanadzutse mutu. Nthawi yonse imene anakhala m'nyumba mwathu sanandiyang'ane kumaso, koma TV yathu anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Atachoka ndinawauza amuna anga kuti mtima wanga sukundilola.

"Inu mumakayikira chilichonse," anatero. "Ngakhale mvula ikamabwera mumati mwina ndi utsi."

"Mwawafunsa kumene kuli ofesi yawo?"

"Anena kuti ku Blantyre."

"Blantyre ndi wamkulu, abambo."

"Ndiye mukufuna nditani? Ndauza anthu onsewa kuti apereke zawo, ine yanga ndiikanize? Andiona bwanji?"

Ndinaona kuti sitimvana. M'mawa mwake ndinawolokera kwa amayi amasiye aja n'kuwauza kuti ayambe adikira, aone kaye ngati za ena zibwerere. Anandiyang'ana modabwa.

"Amuna anu akuti tipereke, inu mukuti tisapereke. Timvere ndani?"

Umboni ndinalibe, ndinali ndi mtima wokha. Ndinangoti achite zimene akuona kuti n'zoyenera.

Tsiku lotolera ma TV litakwana, amuna anga analawirira kukathandiza kukweza katundu kuchokera kumtunda kwa msika. Anandiuza kuti yathu adzaitenga pomaliza. Atangotuluka ndinaikulunga m'bulangete, n'kuiika mudengu lalikulu, pamwamba n'kuthirapo makaka. Ndinaitana wakabaza. Dengu linakwera njinga, ine ndinabwereka ina n'kumatsatira pambuyo, ulendo wa kwathu ku Mkhumba. Msewu wonse ndinkangomuuza wakabazayo kuti aziyenda pang'onopang'ono m'mabampu. Anandifunsa kuti makaka anayamba liti kuopa mabampu.

Amayi anga ndinawapeza akusenda chinangwa. Nditachotsa makaka aja anaona chimene chinali pansi.

"Mwini wake akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye ubwerere lero lomwe ukamuuze ndi pakamwa pako. Asakamvere kwa anthu."

Anakana kuti igone m'nyumba imene iwo ankagona. Ankati chinthu chokhala ndi anthu m'kati sachikhulupirira. Tinakaiika m'kanyumba kosungiramo mbewu, pakati pa matumba a chimanga.

Nditafika pa Migowi dzuwa litapendeka, galimoto ija inali itapita. Amuna anga ndinawapeza atakhala pakhonde, chipewa chija chili pabondo. Ndinawauza zonse ndisanalowe n'komwe m'nyumba. Sanakalipe. Anangoti, "Mwandichititsa manyazi. Ndachita kunama kuti ili kokonzetsa." Masiku otsatira ankadya, n'kutuluka, n'kubwera, osandilankhula. Kuvidiyo kunali kotseka, ndipo sanandiuze kuti ndikaitenge TV ija.

Nthawi imene alendowo analonjeza inakwana n'kudutsa. Nambala ya foni imene anasiya inayamba ndi kungoitana osayankhidwa, kenako inasiyiratu kupezeka. Aphunzitsi awiri anapita kukafunsa ku boma, ndipo anabwerako ndi yankho lakuti kumeneko sanatume munthu, ntchito ya dijitoyo inali isanayambe n'komwe. Nkhani inakafika kupolisi, koma galimoto yoyera yopanda cholembedwa, m'dziko muno zilimo zingati?

Ndinkaganiza kuti anthu akadziwa zoona, ine ndidzapuma. Sizinatero. Wakabaza uja anafotokozera anzake za makaka oopa mabampu, ndipo pasanapite nthawi msika wonse unadziwa kuti pa ma TV onse a m'dera lathu, imene inapulumuka ndi ya munthu amene ankayenda ndi akubawo. Azimayi amene ankagula nandolo kwa ine anayamba kundipitirira. Ndikafika pamjigo, nkhani inkaduka. Ndinamva ndi makutu anga bambo wina akunena kuti banja lathu linagawana ntchito, mwamuna kutolera, mkazi kubisa.

Amayi amasiye aja anabwera okha kunyumba. Anakana mpando.

"Munkadziwa," anatero.

"Sindinkadziwa, amayi. Ndinkangokayikira. Paja ndinabwera kudzakuuzani."

"Munabwera, inde. Kuti mawa mudzanene kuti munandichenjeza. Mwana wanga ndimuuza chiyani? Amagona m'kachisakasa ku Joni kuja kuti ine ndizionako zimene anzanga amaona."

Anatembenuka n'kumapita. Sanalire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanalira.

Choipa cha kukayikira n'chakuti kukayamba sikusankha munthu. Mawu a pamsika aja anayamba kundilowa inenso. Amuna anga anali ndi foni yatsopano imene anati alendowo anawabwereka kuti azilumikizana. Ndinayamba kudzifunsa kuti munthu amangopatsidwa foni chifukwa chiyani. Ndinakumbukiranso kuti ananena kuti TV yathu idzatengedwa pomaliza. Chifukwa chiyani pomaliza? Ndinasunga mafunsowa mpaka anandilemera, ndipo tsiku lina tikudya ndinawafunsa.

"Abambo, mundiuze zoona. Anthu aja anakulonjezani chiyani?"

Anasiya kudya. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanunso?"

"Ndikungofuna kumva kwa inu."

"Anati ntchito ikayamba ndidzakhala woyang'anira dera lonse lino, mpaka ku Chiringa. Anati ndidzakhala ndi njinga yamoto. Ndi zokhazo. Ndinapusa, mayi, koma sindinabe."

Ndinawakhulupirira tsiku limenelo, ndipo masiku ambiri ndimawakhulupirirabe. Anali munthu wokonda kutamandidwa, ndipo wonenepa uja anaziona zimenezo tsiku loyamba lomwe.

Kutacha anapita ku Mkhumba osandiuza. Anabwerako masana dzuwa lili pamutu, TV ili pakaliyala, osaiphimba ndi kanthu. Anadutsa nayo pakati pa msika akukankha njinga, anthu onse akuona. Sanakhotere kwathu. Anakaima pakhomo pa amayi amasiye aja n'kuodira. Ine ndinali pakhonde, ndipo ndinamva zonse.

"Amayi, yanu sindingathe kuibweza. Ndinakunamizani ndine, ngakhale nanenso ndinanamizidwa. Tengani iyi."

Amayiwo anaiyang'ana, n'kuyang'ana kumene ndinali ine. Ndinkayembekeza kuti akana.

"Yanga inali yaikulu kuposa iyi," anatero. Kenako anatsegula chitseko. "Ikani patebulopo. Eriyo yanga inathyoka ndi mphepo, mubweretsenso yanu ija."

Madzulo omwewo tinazula nsungwi yathu n'kukaizika kwawo. Mumtima ndinawawidwa, chifukwa TV imeneyo ndinaivutikira, komanso ndi imene inkatidyetsa. Kanyumba ka vidiyo tinakabweza kwa eni ake, foni ija anaigulitsa, ndipo amuna anga anayamba ganyu yogulira mavenda nandolo m'midzi. Ena amene anataya ma TV awo anafewa ataona zimenezi. Ena ankati tapereka imodzi kuti tibise zambiri, ndipo mphunzitsi wina anasamuka pa Migowi asanatipatsenso moni.

Dijito yeniyeniyo inadzafika patapita zaka, ana athu atakula. Timabokosi take tinkagulitsidwa m'masitolo, ndipo aliyense ankagula ndi za m'thumba mwake. Ngati panali ndalama zimene boma linapatula, zinagwira ntchito kumene ife sitinkaona. Palibe TV imene inafunika kupita ku Blantyre.

Amayi amasiye aja anatenga nthawi kuti ayambirenso kundilankhula. Lamulungu lina masana anatuma uthenga kuti pa TV pali kwaya, ndibwere ngati ndikufuna. Ndinapita, n'kukhala pamkeka pafupi ndi chitseko. Anandipatsa mbale ya nyemba za kalongonda. Tinaonera kwayayo mpaka kutha, ndipo za amuna awiri aja panalibe amene anaziyambitsa. Potuluka anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundifunsa ngati chaka chimenecho nandolo ndidzagulitsanso pakhonde.