Adadi Kulibe

Ndikukumbukira bwino nyumba yathu ya pa Boma ku Ntchisi, yamalata, yamagetsi, yokhala ndi mpope wa madzi kuseri. Inali pamtunda pang'ono, moti m'mawa nkhungu inkayamba yatipeza ife isanatsikire kumsika. Khonde lake linali lofiira ndi polishi, ndipo amayi ankalisamala kuposa mawondo athu amene ankanyuka polipukuta. Pabalaza panali masofa ovekedwa tinsalu toluka, kabati yamagalasi yodzaza mbale zimene sitinadyerepo, ndi makatani okhuthala a maluwa achikasu. Sitinali olemera, koma tinkaopa kwambiri kuoneka osauka, ndipo ntchito yobisa umphawiyo inali yotopetsa kuposa kulima.

Matipate anali atangoyamba kumene. Bambo anga anasiya ukalaliki n'kulowa ntchito ku bungwe lina lachitukuko, limodzi mwa mabungwe amene anamera ngati bowa masiku amenewo. Anawapatsa galimoto yoyera yapikiapu imene inkagona pakhomo pathu. Kuyambira pamenepo tinasiya kuwatchula kuti atate, tinayamba kunena kuti adadi. Kuyambiranso pamenepo abale a kumudzi kwawo, kuseri kwa Malomo, anayamba kubwera pafupipafupi. Uyu mwana wadwala, uyu akufuna ntchito yaulonda, uyu angofuna kukwerako galimoto ya m'bale wake. Amayi anatopa ndi matope a pakhonde. Bambo anatopa kukana ndi pakamwa pawo, choncho anafuna pakamwa pena, ndipo anapeza panga.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwana woyamba, wakuthwa lilime. Lamulo lake linali losavuta. Munthu wa kumudzi akaodira, ine ndinkatuluka, kugwada mwaulemu, n'kunena kuti, "Adadi kulibe, apita ku semina ku Lilongwe." Akaloza galimoto, ndinkati akwera ya anzawo. Ntchito yanga ndinkaidziwa. Ndinkatha kusiyanitsa odi wa anzawo a kuofesi ndi odi wa kumudzi, wautali uja wotsagana ndi kuwomba m'manja. Mlendo akatembenuka, bambo ankatuluka akuseka, kundisisita m'mutu, amvekere, "Linesi ameneyu adzakhala loya." Sindibisa, ndinkanyada kwambiri. Lamulungu tonse tinkapita kutchalitchi titatchena, ine n'kukalakatula malamulo khumi ku Sande sukulu osaphonya ngakhale limodzi.

Panali munthu mmodzi amene sindinamunamizepo, chifukwa ankabwera mwa apo ndi apo ndipo sankapempha kanthu. Anali a Layisoni, akulu awo a bambo, amene ife tinkati atate aakulu. Iwowa anasiya sukulu ali wamng'ono n'kumaweta ng'ombe ndi kulima fodya kuti mng'ono wawo aphunzire. Bambo eniake ankanena pamaso pa alendo kuti popanda achimwene awo, bwenzi iwo ali kudambo ndi chikwapu m'manja. Anali munthu wamtali, wofatsa, manja awo onunkhira fodya wa chikopa. Akabwera ankatitengera mtedza ndi nzimbe, koma pabalaza sankalowa. Ankakhala kumapeto kwa khonde, mapazi ali pa udzu, amvekere sakufuna kudetsa galasi la alamu awo. Palibe anandiuzapo ngati lamulo lija linkawakhudza iwonso kapena ayi.

Linali Loweruka, mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osapuma. Amayi anali atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Bambo anali pabalaza ndi nyuzipepala, wailesi ikulankhula za ndale, ine ndili pakhonde kusankha nyemba. Ndinamva odi wa mzimayi, wotopa. Nditatukula mutu ndinaona a Nankhoma, akazi awo a atate aakulu, atawagwirira amuna awo m'khwapa. Poyamba atate aakuluwo sindinawazindikire. Anali atafunda bulangete lonyowa, milomo itauma gwa, masaya atalowa m'kati, ndipo kupuma kwawo kunkamveka ndili pakhonde ngati mvukuto wobooka. Anali atatsika lole pamsika n'kukwera chitunda chonsecho wapansi.

A Nankhoma anafotokoza ali chiimire. Chifuwa chinali chitawapanikiza sabata yathunthu. Mtima wa odwalawo unali pa chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga, kumene anawachiritsapo kale, ndipo ankapempha kuti mng'ono wawo awaperekeze pa galimoto.

Ndinayang'ana kuwindo. Katani inatseguka pang'ono, ndipo ndinaona theka la nkhope ya bambo. Anawayang'ana akulu awo. Kenako anandiyang'ana ine. Kenako katani inabwerera m'malo mwake. Ndinadikira kuti chitseko chitseguke. Ndinamva madzi akudontha kuchokera pamalata, ndinamva wailesi, koma chitseko sichinalire. Basi ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira, n'kunena mawu anga aja.

"Nanga galimotoyi?" anafunsa a Nankhoma.

"Akwera ya anzawo."

Ankafuna kulankhulanso, koma atate aakulu anawagwira mkono. "Msiyeni mwana, Nankhoma. Wanena kuti kulibe." Kenako anandipempha madzi akumwa. Ndinawatungira m'kapu yapulasitiki imene tinkasungira anthu a kumudzi, yomwe inkakhala payokha pawindo la kukhitchini. Anamwa theka n'kundibwezera ndi manja awiri ngati ndine munthu wamkulu. "Akabwera adadi akowo," anatero, "uwauze kuti atate ako aakulu anadutsa." Mawu akuti adadi anawatchula pang'onopang'ono, ngati munthu amene akulawa chakudya chachilendo. Ndinawayang'ana akutsika chitunda, akuima pakapita mapazi khumi alionse, mpaka anakhota pa mtengo wa bulugamu.

Tsiku limenelo bambo sanatuluke akuseka. Nditalowa ndinawapeza atakhala pamalo pawo pomwe paja, nyuzipepala ili kumaso. "Anali ndani?" anafunsa. Ndinati anali atate aakulu, akudwala kwambiri, sanafike patali. Iwo anati msewu wa ku Mponela ndi mvula imeneyi sungayendeke, galimoto ya bungwe si yamatola, akawaona Lolemba. Anakweza wailesi.

Lolemba m'mawa uthenga unabwera ndi munthu wa panjinga. Lole imene anakwera inatitimira m'matope asanafike ku Mponela, ndipo atate aakulu anatsirizikira pamwamba pa matumba a chimanga, mutu uli pamiyendo ya akazi awo. Galimoto yoyera ija, imene sikanatha kuyenda m'matope, inayenda bwinobwino tsiku limenelo. Inakatenga thupi, inakagula bokosi, inatinyamula tonse mpaka kumudzi kuseri kwa Malomo.

Kwathu maliro saikidwa anthu asanamve mmene matenda anayendera. A Nankhoma anafotokoza zonse pamaso pa abale, osawonjezera, osachotsa: lole, chitunda, khonde, galimoto ili poteropo, ndi mawu a mwana. Nkhani itafika kumanda, adzukulu amene ankakumba anaika makasu pansi. Anati sapitiriza mpaka mng'ono wa malemu anene kumene anali. Ndiye atsibweni awo a bambo, eni mbumba, anaitanitsa bwalo laling'ono kuseri kwa nyumba ya siwa. Bambo anayankha kuti semina kunalibe, iwo anali m'nyumba momwemo koma ali mtulo, ndipo mwana sanawadzutse.

Anandiitana kuchokera kumene azimayi ankaphika. Ndinagwada pamatope pakati pa anthu akuluakulu, utsi wa nkhuni zaziwisi uli m'maso. Atsibweni aja analankhula mofatsa. "Iwe mwana, usaope. Atate ako anawaona akulu awo, kapena sanawaone?"

Ndinawayang'ana bambo. Anali mu suti yawo yakuda, atakhala pa njerwa, mutu uli pansi. Manja amene ankandisisita m'mutu aja anali atagwira mawondo mwamphamvu. Ndinali ndisanawaonepo akuopa munthu. Ndinali mwana, koma ndinadziwa kuti ndikanena zimene ndinaona pawindo, bambo sadzapondanso m'mudzi umenewo, kutchalitchi nkhani ikafika Lamulungu lisanakwane, ndipo kunyumba kwathu sikudzakhalanso kunyumba. Ndinadziwanso kuti ankadikira kuti ndiwapulumutse, monga ndinkachitira nthawi zonse.

"Sanawaone," ndinatero. "Anali mtulo. Ndinanama ndekha."

Anthu anang'ung'udza. Wina anati ana a pa Boma ndi choncho, sukulu yawalowa m'mutu. Amayi anadzuka n'kundimenya mbama pamaso pa onse kuti anthu aone kuti mwana amalangidwa, ndipo analira kuposa ine. A Nankhoma okha sanang'ung'udze. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana alamu awo. "Chabwino," anatero. "Iwo anali mtulo, koma Mulungu anali maso." Adzukulu anatola makasu awo, ndipo atate aakulu anaikidwa dzuwa litapendeka, mvula ikuwaza.

Pobwerera bambo anaimika galimoto pa Malomo, kutsogolo kwa sitolo ya mwenye wina wovala kofiya amene ankadziwana naye. Analowa okha n'kutuluka ndi botolo limodzi la chakumwa chotsekemera ndi paketi ya mabisiketi. Anandipatsira pawindo osandiyang'ana. Azing'ono anga sanawagulire kanthu. Ndikanakonda kunena kuti ndinakana, koma ndinamwa lonse, tsaya likadali lotentha.

Kumudzi anandipatsa dzina, Nakulibe, ngati kuti ndi mfunda wanga. Ana a atate aakulu, amene pachibale ndi azichimwene ndi azichemwali anga, amanditchula choncho mpaka lero, ena moseka, ena osaseka. A Nankhoma ankandiyankha moni koma dzanja sanandipatsenso mpaka anamwalira. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Mwina sichioladi, koma ine ndinaona kuti chimathyoka, ndipo pothyokapo amasankha mwana kuti ndiye asenze. Ndinakwiya zaka zambiri. Ndinkadikira kuti tsiku lina bambo adzandiitanira pambali, angonena kuti ndikudziwa, mwana wanga. Ndinadikira nditakhoza mayeso, ndinadikira pa ukwati wanga, ndinadikira pa maliro a amayi.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ndimakhala ku Lilongwe m'nyumba ya mpanda wanjerwa ndi geti lachitsulo. Munthu wa kumudzi sayendanso mtunda kudzaodira, amangoimba foni, ndipo ife timaiyang'ana ikulira mpaka itasiya yokha. Palibenso mwana amene amatumidwa kukagwada pakhonde. Timati ndife makolo abwino kuposa athu chifukwa ana sitiwamenya, timawafunsa maganizo awo, timawaperekeza kusukulu pa galimoto. Sindikudziwa ngati tinasiya nkhanza zija kapena tinangopeza njira yozichitira popanda mboni.

Bambo atakalamba anadzakhala kwa ine. Masana ena ndikubwera ndi tiyi ndinawamva akulangiza ana anga awiri za kuipa kwa bodza. Ndinaima pakhomo. Ankawauza kuti amayi awo ali mwana anabweza munthu wodwala pakhomo iwo ali mtulo, ndipo chifukwa cha bodza limenelo iwo sanatsanzikane ndi mkulu wawo amene anawaphunzitsa sukulu. Anati anandikhululukira kalekale, popeza ndinali mwana, koma kuwongola mtengo n'poyamba. Misozi inkatsika m'masaya awo, misozi yeniyeni. Pamenepo ndinazindikira kuti sankanama. Nkhani ija anali ataibwereza mumtima zaka makumi atatu mpaka anaikhulupirira, ndipo amene ankakumbukira zoona padziko lonse ndinatsala ndekha.

Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anatembenuka n'kundiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo. "Amami, zimene akunena agogozi n'zoona?"

Bambo nawonso anandiyang'ana, maso ofiira, akudikira mwachikondi kuti mwana wawo avomere kulakwa kwake. Ndinaika thireyi patebulo, ndinawathirira shuga masupuni atatu monga ankakondera, n'kuwapatsa kapu m'manja.

"Eya," ndinatero. "N'zoona."