Maliro a Thunthu la Nthochi

Masiku ano wayilesi ikangolengeza kuti wina wapha munthu, adzukulu anga amayamba phokoso kuti boma liyambirenso kunyonga. Ine ndimangowayang'ana. Sikuti ndine wofatsa mtima, ayi. Manja angawa agwirapo mitembo ya anthu ophedwa, ndipo kangapo konse ndinanena chamumtima kuti wochita izi nayenso apite. Koma pali mayi wina wa ku Hara amene amandigwira pakamwa ndikafuna kuvomera.

Ananditumiza kumeneko ndili namwino wachitsikana, m'zaka za chipani chimodzi zija, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ndinali mlendo wa ku Ntcheu, Chitumbuka changa chikuthera pa "yewo". Kachipatala kathu kanayang'anana ndi minda ya mpunga ya sikimu, ndipo ntchito yanga yambiri inali malungo ndi likodzo.

Madzi a m'sikimumo ankathirira mosinthana, lero minda iyi, mawa iyo. Chaka china madzi atachepa, amuna awiri oyandikana minda anakangana pangalande, wina atatseka madzi a mnzake ndi matope. Khasu linakwezedwa. Wovulalayo anabwera naye atamunyamulira pachitseko, mutu utang'ambika, ndipo anatsirizika ndisanamalize n'kusamba m'manja komwe. Anasiya mkazi ndi ana ang'onoang'ono. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndikumuyeretsa wakuphayo. Anapha ndithu, ndipo iye mwini sanakane.

Mlandu unazengedwa kubwalo la mafumu, kumene loya sankapondako. Anagamula kuti akanyongedwe. Anamutengera kum'mwera, kundende yaikulu, ndipo kuyambira pamenepo kunangoti zii.

Mayi ake a wakuphayo anali amasiye, aafupi, oyenda mofulumira. Anayamba kubwera kuchipatala kudzadandaula mutu, koma ine ndinaona kuti nkhani si mutu. Tsiku lina anadikira mpaka mzere wonse utatha.

"Anesi," anatero, akusakaniza zilankhulo monga ankachitira onse kumeneko, "imwe mukuyowoya ngati wayilesi. Boma likumvani. Mukandifunsire. Mwana wane wachali wamoyo, panji wafwa kale?"

Kwa iwo, aliyense wolankhula Chichewa chosalala anali pafupi ndi boma. Ndinafuna kuseka, poti boma lakelo ine ndinkaliopa kuposa iwo. Komabe ndinakafunsa wapolisi wina wakwathu amene tinkapemphera naye. Anayang'ana uku ndi uku asanayankhe.

"Achemwali, zimenezo sanena. Tsiku likafika limangofika, ndipo thupi limakhala la boma. Inunso musamafunsefunse, mungautse mavu."

Mawu amenewo ndinakawapereka monga analili, ndipo mayi aja anangogwedeza mutu n'kumapita.

Kumeneko kunali mwambo umene ine sindinkaudziwa. Munthu akamira m'nyanja osapezeka, kapena akafera kutali kumigodi, abale ankadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda ngati mwini wakeyo. Ankati misozi imafuna pogwera, ndipo mzimu umafuna kudziwa njira ya kwawo. Achimwene awo a mayi aja ankabwera pafupipafupi kudzawaumiriza kuti achite zimenezo, pakhomo pamasuke. Mayi ankakana kwamtuwagalu. Ankati munthu wamoyo samukumbira manda.

Zaka zinapita ali choncho. Nyumba ya mwana wawo ankaizira, denga likadontha ankafolera. Ku tchalitchi ankamutchula dzina pamodzi ndi odwala. Ine mtima unkandiwawa kuwaona, koma nthawi zina ndinkapsanso mtima, ndikaona mkazi wa wophedwa uja akuwoka mpunga yekha, mwana kumsana. Ndinamufunsapo tsiku lina ngati chigamulocho chinamutonthoza. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Amunyonge, asamunyonge, munda uwu ndilima ndekha," anatero, n'kuweramanso.

Kenako kunatulukira bambo wina wa ku Lupembe amene anali atangotuluka kundende komweko. Anati m'nyengo yozizira yapitayo, m'mawa wina asilikali a ndende anatengako anthu angapo m'zipinda za oyembekezera chingwe, ndipo anamva kuti mnyamata wa ku Hara anali m'gulumo. Sanaone ndi maso, anangomva. Koma mayi aja anali atatopa, ndipo anavomera.

Malirowo ndinapitako. Anali a anthu ochepa, opanda kwaya, chifukwa kulira mokweza munthu amene boma lanyonga kunali ngati kutsutsana ndi boma, ndipo anyamata a chipani sankasowa pafupi. Thunthulo analiveka malaya ake n'kulikulunga m'nsalu yoyera. Nthochi imalemera ndi madzi, moti onyamula ankachita kusinthana phewa monga amachitira ndi maliro enieni. Dothi loyamba litagwera m'dzenje, mayi aja analira kulira kumene anakusunga zaka zonsezo, ndipo palibe anayesa kuwaletsa. Inenso, mlendo, ndinalira.

Atameta, mayi aja anasintha. Mutu uja unatha, thupi linabwerera, anayambanso kuseka pachigayo. Ndinaganiza kuti makolo amene anayambitsa mwambowu ankadziwa mankhwala amene ife sitinaphunzire.

Mpunga wotsatira utakololedwa, kunabwera msodzi wa ku Sangilo, nayenso wochokera kundende ija. Iye anati mnyamatayo anamuona ndi maso ake posachedwapa, atanyamula chidebe, wowonda koma wamoyo. Wa ku Lupembe sanali wabodza, msodziyonso sanali wabodza. Ndipo kunalibe khomo loti munthu n'kukagogoda kuti amve zoona.

Pamenepa ndi pamene maganizo anga amaima mpaka lero. Anthu akamati anyongedwe, amaona munthu mmodzi ndi chingwe chimodzi. Mwina wakuphayo chinamuyenera, sindine woweruza. Koma mayi aja sanakweze khasu, ndipo chilango chachikulu ndinachiona pa iwo. Ena amati masiku ano zingachitike mwadongosolo, abale n'kuuzidwa tsiku. Kaya. Ine sindidziwa ngati kuuza mayi tsiku limene adzaphe mwana wake kuli chifundo.

Anabweranso kuchipatala, anakhala pabenchi mpaka odwala onse atapita.

"Amama, mutu wayambanso?" ndinafunsa.

"Yayi." Anapotokola nsonga ya chitenje. "Anesi, boma likamupha, lili ndi lamulo lake. Kweni ine? Ndamuika m'dothi ndekha. Ndameta. Ndinaleka kumupempherera ngati wamoyo. Ngati ali kula, m'mawa uliwonse akumvetsera mapazi a odzamunyonga pakhomo, ndipo nyina wake anamukwirira kale."

Ndinawagwira dzanja, tinakhala choncho mpaka dzuwa linafika pabenchipo.

Posakhalitsa anandisamutsira kwina, ndipo zoona zake za mnyamatayo sindinazimve mpaka lero. Mnzanga amene anatsala pachipatalapo anadzandiuza kuti mayi aja anakhala zaka zina zingapo. M'mawa ankatenga tsache kupita kumanda kuja, kuima pambali pa mtumbira nthawi yaitali, n'kubwerera osasesa.