Timakina ta m'makutu mwa Ababa tafika

Mwaswera bwanji nonse.

Timakina tothandiza kumva tija, tomwe achemwali athu a Tiyamike anatumizira Ababa kuchokera ku Joni, tafika. Sabata yonseyi ndakhala ndikulowetsa nambala ya phukusi pa foni kuti ndione pomwe lafika, ngakhale ndili pantchito ku Capital Hill. Lero masana yalemba kuti lili ku positi ofesi ya ku Old Town, ndikatenge mawa.

Nditawaonetsa Ababa, anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Ndinawalembera papepala kuti, "Mukufuna kuyamba kumva chiyani?"

Anati, "Mvula pamalata. Zaka zonsezi ndimangoiona ikutsika pawindo."

Kunja kuno mitambo yayamba kuda. Kodi tidikire Loweruka kuti nonse mudzakhalepo, kapena ndiwaveke mawa lomwe, mvula isanatipitirire?